Mbewa Zisanu za Dona Olímpia

Ndinene poyera ndisanapite patali: Dona Olímpia sanandilakwire kanthu, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero. Mkazi akakulanda mwamuna umadziwa poyambira, umamanga chitenje m'chiuno n'kupita kukamuyankhula. Koma uyu anangofika ku Msumba ndi sutikesi imodzi, magalasi m'maso, ndi ulemu wochuluka moti ndinkasowa chomudera. Kumuda ndinamuda ndithu, chifukwa chake ndinachita kufunafuna.

Chinali chaka cha 1988, nkhondo ili m'chimake. Njira za kumtunda zinali zitafa, minda ya kumapiri itasanduka tchire, ndipo anthu othawa anali atadzaza m'mbali mwa nyanja mpaka m'khonde mwa tchalitchi. Olímpia anatumizidwa kudzaphunzitsa sayansi pasukulu yathu. Kwawo kunali kutali, cha ku Quelimane, ndipo anali ataphunzirapo ku Jeremani. Tonse tinkamutcha a pulofesora. Mabuku kunalibe, choko kunalibe, ndiye mayiyu anaganiza zophunzitsa ana ndi mbewa zamoyo.

Apa ndi pamene amuna anga analowera. A Augustino ndi msodzi, koma khoka lawo linali litaola, ulusi wosokera osapezeka, choncho anabwerera ku luso la paubwana lokumba mbewa. Tsiku lina anagwira chitute, kambewa kaja ka mchira waufupi kamene kamanyamula chakudya m'masaya. M'malo mobwera nako kunyumba kuti tidyere, anadutsa nako kusukulu. Akuti a pulofesora atakaona anaomba m'manja ngati aona m'bale wawo. Pasanathe milungu iwiri bambo uja anali atagwira zisanu, n'kuzikhomera timabokosi ta matabwa ndi waya. Ndiwo zisanu zathunthu, chaka cha njala, zili phee kudya mapira a boma.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangopendeka, a Augustino asamba, apesa, ulendo kusukulu. Inu munamuonapo munthu akupesa tsitsi popita kukadyetsa mbewa? Ankabwerako nkhope ikuwala, pakamwa podzaza nzeru zobwereka.

“Amake Hosea,” anandiitana tsiku lina, potengera dzina la mwana wathu mmodzi yekhayo amene anali ku usilikali, “mukudziwa kuti njala sikhala m'mimba?”

“Nanga imakhala kuti, m'chidendene?”

“M'mutu. A pulofesora akuti ku Jeremani kuli kanyama dzina lake hamusita, kofanana ndi chitute, masaya ake omwewa. Iwo ankagwira ntchito m'nyumba mmene amaweta tinyamato tambirimbiri. Akuti pansi pa ubongo pali kamalo kakang'ono kamene kamamva thupi likayamba kutha mafuta. Ife anthu kamaloko kamatiuza kuti idya. Koma hamusita kamamuuza kuti tuta. Mukamumana chakudya tsiku lonse, kenako n'kumupatsa mulu, sadya kuposa masiku onse ayi. Amangodzaza masaya, kukatula kudzenje, kubweranso, mpaka mulu wonse utatha.”

“Ndiye a pulofesora anuwo anakwera ndege mpaka ku Jeremani kukaphunzira zimene aliyense wokumba mbewa amadziwa?”

“Ife timadziwa kuti zimatuta. Chifukwa chake sitinkachidziwa.”

Anayankha osakwiya, maso ali kutali. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili nawo pabanja, sindinanenepo mawu amene anawawalitsa nkhope choncho. Nsanje inandigwira pomwepo.

Koma chimene chinkandibaya kwambiri si nkhani za ubongozo. Ankadya kumeneko. Aphunzitsi ankalandira mpunga pang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo a Augustino akamaliza kusesa timabokosi, mayi uja ankawapakulira mbale. Akafika kunyumba ine n'kuwaikira kaphala kanga kamadzimadzi, ankakankhira mbale kwa ine n'kunena kuti, “Idyani inu, ine ndadya kale.” Amene anakwatiwapo akudziwa kuti mawu amenewo ndi mbama. Mlamu wanga Hana, mlongo wawo wa a Augustino, ndiye ankathira mchere pachilonda. Tikakumana kunyanja potsuka mbale ankati, “Alamu, paja anatilangiza kuti mwamuna ndi pamimba. Inu mukuphika madzi, anzanu akuphika mpunga. Musadzati sindinanene.”

Tsopano ndiulule zanga, poti wokamba nkhani akabisa zake amasanduka wamiseche. Phala langa silinkachita madzi chifukwa chosowa ufa wokha ayi. Zaka zitatu m'mbuyomo ndinali kwa amayi anga kumapiri, kukawathandiza kukolola, pamene anthu a mfuti anafika. Tinathawira kutchire. Masiku asanu ndi anayi tinkadya mizu ndi masuku osapsa. Amayi sanafike kunyanja. Ine ndinafika, miyendo itatupa, nditakumbatira chipanda cha mtedza wawo wa mbewu, wofiira, wa njere zing'onozing'ono, umene ankadzala chibadwire changa.

Chichokereni kutchire kuja dzanja langa linasiya kumvera. Ndinakumba pansi pa bedi, ndinakwirira mtsuko waukulu, n'kuvundikira ndi mwala waphanthi, pamwamba n'kuzira bwinobwino. Chakudya chilichonse cholowa m'nyumba, gawo lina linkatsikira mmenemo: makaka, nyemba, usipa wouma. Amuna anga sankadziwa. Akafunsa ndinkati, “Mulibe kanthu m'nyumba muno.” Musaganize kuti ndinkadya ndekha mobisa. Sindinkalawa ngakhale kamutu ka usipa. Ndinkangofuna kudziwa kuti chilipo, ndipo ndikagona pamwamba pake tulo tinkabwera.

Mtedza wa amayi uja ndinkaudzala pa kamunda ka kuseri kwa nyumba. Chaka chapitacho mvula inadula msanga, ndipo umene unatsala, ukaswedwa, ukanangokwana mbale ziwiri. Mu Msumba monse munalibe woti n'kukugawira mbewu. Ukanatha umenewo, ndiye kuti mtedza wa amayi watha padziko, ndipo munda wathu ugona chaka chonse.

Kumapeto kwa Novembala mitambo inayamba kusonkhana kutsidya kwa nyanja. Kunamveka mphekesera yoti ku Metangula kwafika mbewu zogawa. Olímpia anati apita akafunse, poti Chipwitikizi cha m'maofesi amachitha, ndiponso akatenge choko. Pamsewu panali posayendeka, ndiye ulendo unali wa pabwato. Wopalasa mukumudziwa kale.

M'mawa wa tsiku la ulendo mayi uja anabwera yekha pakhomo panga, amuna anga ali pambuyo atasenza timabokosi tonse tisanu. Kusukulu kunkagona anthu othawa nkhondo, ndipo mbewa zikanatsala kumeneko zikanaotchedwa dzuwa lisanafike pamutu.

“Mana Yudita,” anatero, kunditcha mchemwali m'Chipwitikizi, kenako ndi Chinyanja chake chopunduka, uku akundipatsa chitini cha mapira, “ndapota nanu, mundisungire ana anga. Dzanja limodzi m'mawa, dzanja limodzi madzulo. Masiku awiri basi, kinta-fera, Lachinayi, tabwera.”

“Pitani bwino, a pulofesora,” ndinayankha, mano onse panja.

Ndinawaperekeza mpaka kugombe. Olímpia anavula nsapato, n'kukwinya siketi, ndipo a Augustino anamugwira dzanja pokwera. Ine bwato limenelo ndakwera kosawerengeka, ndili ndi pakati, ndili ndi mtolo wa nkhuni pamutu, koma dzanja langa silinagwidwepo. Ndinaima pamenepo mpaka anazimiririka kuseri kwa miyala, mtima ukuwira.

Nditabwerera kunyumba ndinakankha bedi, ndinatsegula mtsuko, n'kuikamo mapira aja ndi chitini chomwe. Ndinadziuza kuti n'tchimo kudyetsa mbewa mapira anthu akugona ndi njala. Linali bodza. Ndinkafuna kuti chinthu chake chimodzi chimveko zimene ndinkamva ine. Tsiku loyamba mbewa sizinalawe kanthu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Zinkakanda waya, kuima ndi miyendo iwiri, kundiyang'ana ndi timaso takuda, ine n'kumazifunsa kuti, “Ubongo ukuti chiyani lero?”

Lachinayi linafika, bwato osaoneka. Hana anadutsa ndi ndowa pamutu n'kuponya mawu: “Ku Metangula kuli nyumba zogona alendo zabwino, alamu, za makatani m'mawindo.” Anaseka n'kumapita. Ine sindinaseke.

M'mawa mwake, tsiku lachitatu chichokereni bwato, kunagunda bingu, mphepo n'kubweretsa fungo la dothi lonyowa. Kwathu mtedza wa mbewu sauswa mvula isananunkhe, chifukwa ukakhalitsa wopanda makoko umafa mtima. Tsono tsiku limenelo ndinakhala pakhonde n'kuswa wonse, njere imodziimodzi, kutaya zofota. Ndinauika m'lichero, ndinavundikira ndi kansalu, n'kulowetsa pansi pa bedi kuti nkhuku za eni zisauone. Maso anali kunyanja tsiku lonse. Mabwato a anthu ena ankafika, lathu ayi.

Pofika madzulo mutu wanga unali utadzaza makatani a Hana. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula timabokosi tonse tisanu, n'kukankha chitseko cha panja.

“Tulukani! Kalondoleni amayi anu ku Metangula!”

Ndinaona ziwiri zikuthamangira cha kukhomo, ndiye ndinati zonse zapita kutchire kwawo. Za lichero sindinaganizeko n'komwe, mkwiyo ulibe maso. M'nyumbamo munandiipira, choncho ndinakoka chitseko n'kupita kukagona kwa Hana, ndikukonza kale bodza loti mbewa zinabowola zokha.

Kutacha ndinabwerera kuti ndione mbewu yanga. Ndinagwada, ndinakoka lichero, ndipo linabwera lopepuka ngati chipewa. Kansalu kanali pambali. M'licheromo munatsala njere zisanu ndi ziwiri. Panalibe nyenyeswa, panalibe timakungu tofiira, panalibe chilichonse chosonyeza kuti wina wadya. Ndinakhala pansi n'kuitana amayi anga amene anatsala kutchire.

Nditasuzumira bwino pansi pa bedi ndinaona kamulu ka dothi latsopano, ndi una waung'ono pambali penipeni pa mwala wa mtsuko wanga. Ndinakankha bedi, ndinatenga mpeni n'kuyamba kukumba. Koma kukumba mbewa ndi luso, si ukali. Chitute chimatseka njira yake ndi dothi pambuyo pake, ndipo ine nditangokumba pang'ono una unasowa, paliponse panangofanana. Ndili mkati molimbana, ndinamva Hana akukuwa kunja kuti bwato lafika. Ndinafotsera msangamsanga ndi phazi, n'kubwezera bedi pamalo pake.

Anafika ali mbuu, milomo itauma, m'manja muli kabokosi ka choko basi. Makatani kunalibe. Anagona masiku atatu pakhonde la ofesi pamodzi ndi anthu mazanamazana, ndipo mbewu inatha mzere usanafike pa iwo. A Augustino anatsamiritsa nkhafi kukhoma n'kunena kuti, “Amake Hosea, kumene kuja tabwerako chimanjamanja. Mtedza wa amayi uja ndi wokhawo watsala. Mvula ikagwa lero, mawa tidzala.”

Ndinangotulutsa lichero n'kuliika patsogolo pawo, kenako timabokosi topanda kanthu.

“Zinabowola,” ndinatero. “Ndinapita kukagona kwa Hana, pobwera ndapeza chonchi.”

Olímpia ananyamula kabokosi kamodzi n'kukatembenuza. Waya anali wathunthu, kachitseko kali bwinobwino. Anaona, ndipo ine ndinaona kuti waona. Akanandinena wabodza pamenepo ndikanapeza poyambira ndewu. Anangofunsa mofatsa kuti, “Mana Yudita, zinkadya?”

“M'mawa ndi madzulo, monga munanenera.”

“Masiku onse?”

“Onse.”

Anapukusa mutu mwachisoni. “Ndiye si mbewa zanga zatenga. Ndaziyang'ana miyezi iwiri, ndikuzidziwa. Yokhuta imatenga pang'ono, njere khumi, makumi awiri, ina kuluma n'kusiya, kenako kukagona. Mbale ziwiri usiku umodzi, osasiya nyenyeswa? Não, ayi. Zimenezo imachita yanjala yokha. Zikanakhala zanjala ndikanati tikumbe, mtedza uli pafupi, wathunthu. Koma poti zinkadya...” Anatambasula manja.

A Augustino anali atagwira kale khasu. Atamva zimenezo analiika pansi pang'onopang'ono. “Ndiye ndi munthu,” anatero. “Nyumba inagona yokha, anthu anjala ali ponseponse. Pofika pano wakazingidwa kale.” Anakhala pakhonde, mutu m'manja. “Mtedza wa apongozi anga watha choncho.”

Kutsidya kunagundanso bingu, lalitali. Ine ndinaima pakhomo ndi lichero m'manja, ndikudziwa zinthu ziwiri zimene iwo sankadziwa: kuti mtedza uli pansi pa bedi, ndiponso kuti khasu likalowa pamenepo likagunda mtsuko. Ndikanatha kukhala chete. Akanandimvera chisoni onse awiri, Hana akanabwera kudzandipepesa, ndipo mbewu ikanaolera pansi kapena kudyedwa pang'onopang'ono ine ndikugona pamwamba pake.

“Sindinazipatse,” ndinatero.

Onse anadzutsa mitu.

“Mapira aja sindinazipatse. Masiku atatu. Ndipo sizinabowole, ndinatsegula ndine.”

Ndinkayembekeza kuti mayi uja alusa, andinene mfiti, kuti nanenso ndimuuze za mpunga wake ndi za dzanja lija pagombe. Iye anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, ndipo nkhope yake inayamba kuwala.

“Masiku atatu? Ndiye mtedza ulipo! Senhor Augustino, ulipo wonse!”

“Una uli pansi pa bedi,” ndinamaliza.

Anatulutsa bedi panja. A Augustino anagwada, anapapasa pamene ndinafotsera paja, n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anayamba ntchito yawo. Ankadina dothi ndi chala kufuna pofewa, poti pamene mbewa yatseka sipalimba ngati dothi lakale. Atapapeza analowetsa kabango kowonda kuti njira isasowenso, n'kumapala ndi khasu pang'onopang'ono motsatira kabangoko. Olímpia anagwada pambali pawo, siketi yake ya ku Jeremani ili m'fumbi, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana, akunong'onezana ngati ana opeza chisa. M'chipinda changa, pamalo pa bedi langa! Ngakhale pamenepo, mantha ali tho, nsanje inapeza pokhala.

Khasu linalira pamwala.

“Apa pali chiyani?” anafunsa a Augustino. Kabango kankaloza pansi pa mwalawo. Anapala m'mbali, analowetsa zala, n'kuutembenuza.

Fungo la usipa linadzaza chipinda. Pamwamba penipeni panali chitini cha mapira a Olímpia. Anachichotsa. Pansi pake nyemba za m'kathumba, usipa wokulunga m'masamba, ndi makaka oyera mpaka pansi pa mtsuko, okwana kudya anthu awiri mwezi wathunthu ndi masiku apamwamba. Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuzindanda pansi, osafulumira.

“Mulibe kanthu m'nyumba muno,” anatero a Augustino motsitsa, kubwereza mawu anga omwe. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. “Amake Hosea, miyezi yonseyi ndakhala ndikudya kwa eni ngati mwana wamasiye. Mumayesa ndimakonda? Ndimati kaphala kaja n'kochepa, ndikadya kwina inu mukhutako. Ndimakuonani mukutha, mafupa a pakhosi ali panja. Kani timagona pamwamba pa chakudya?”

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Mawu aja oti “ndadya kale”, amene ndinkawasenza ngati mbama, tsopano anatembenuka n'kundimenya mbali inayo.

Ndiye amene anandiyankhira ndani? Mayi yemweyo.

“Senhor Augustino, musakwiye,” anatero Olímpia, dzanja lake lili paphewa langa. “Taonani bwino, sanadye. Wowonda kwambiri m'nyumba muno ndi iyeyu. Munthu akaona njala yaikulu, nthawi zina mutu suiwala, ngakhale chakudya chitabwera. Umangoti sunga, sunga. Si kuipa mtima.”

Pa zonse za tsiku limenelo, chimenechi ndicho sindinamukhululukire. Kundigwira ndi bodza, chabwino. Kuona mtsuko wanga, chabwino. Koma kundimvetsa, pamaso pa mwamuna wanga, m'chipinda changa, kunena za mumtima mwanga zimene ine mwini sindinkazidziwa! Ndinakutumula phewa.

“Chotsani dzanja, a pulofesora. Ine sindine hamusita wanu.”

Anachotsa, n'kupepesa. Kupepesa kwakenso kunandinyansa.

A Augustino anazula mtsuko uja n'kuuika pambali. Pansi pake njira inapitirira pang'ono, kenako dothi linagumukira m'kachipinda kozungulira. Mtedza unali mmenemo, wofiira, wowunjikidwa bwino ngati waikidwa ndi munthu. Pamwamba pa muluwo panali chitute chimodzi, masaya ali tututu, chikunjenjemera. Anachigwira pakhosi, n'kundiuza kuti nditchere dzanja. Anafinya masaya ake ndi zala ziwiri, ndipo njere zinagwera m'dzanja langa, zisanu, zofunda. Ndinachikhudza pamimba. Nthiti zinkawerengeka. Masiku atatu osadya, usiku wonse chili pamulu wa mtedza, ndipo makungu osonyeza zimene chinadya sakanadzaza ndi supuni yomwe. Ndinachiyang'ana, chinandiyang'ana, ndipo sindinakonde zimene ndinaona.

Mpaka masana anali atapeza mauna ena awiri m'mbali mwa khoma. Chipinda chinasanduka munda wolimidwa. Mtedza umene tinatola unakwana mbale imodzi ndi theka, wotsalawo unapita ndi mbewa zimene sitinazipeze. Zogwidwa zinali ziwiri. Mwa mwambo wake, mbewa yokumbidwa ndi ya mkazi wa wokumbayo, ndipo ine ndinayang'ana kuti ndione kumene ziti zipite. Zinabwerera m'timabokosi. Olímpia anakhala pakhonde langa n'kulemba m'kabuku kake masamba atatu athunthu.

“Mana Yudita,” anatero ponyamuka, “ine ndinalibe mtima wozimana chakudya. Ana ndinkangowauza pakamwa zimene ndinaona ku Jeremani, osadziwa ngati chitute chimachitanso choncho. Lero ndadziwa. Obrigada.”

Mwamva? Ndinamuzunzira ziweto zake, iye n'kundithokoza. Munthu wotere ungamutani?

Madzulo amenewo ndinasinja makaka, ndinaphika nyemba zambiri ndi usipa, chakudya chenicheni koyamba pa miyezi yambiri. Dzanja linkakana kutapa, koma ndinatapa. A Augustino anadya zonse, n'kupempha zina. Mbale ina ndinatumiza kusukulu kudzera mwa Hana, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti mayi uja adziwe kuti nanenso ndimatha kudyetsa munthu. Hana ananyamula mbaleyo ali chete, ndipo kukhala chete kwa Hana n'chinthu chosowa kuposa mchere wa nthawi ya nkhondo.

Mvula inagwa kutatsala pang'ono kucha, yamphamvu, yolowa pansi. Dzuwa potuluka tinali kumunda. A Augustino ankatsogola ndi khasu kubowola mapando, ine pambuyo ndi lichero, kuponya njere n'kufotsera ndi phazi. Mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chitatu, lichero linatha. Ndinaweramuka n'kunena kuti, “Yatha.”

Iwo sanayang'ane lichero. Ankayang'ana m'chiuno mwanga. Nditatsitsa maso ndinaona mfundo pansonga ya chitenje, yaikulu ngati dzira la nkhuku. Ndikulumbira pa manda a amayi anga osadziwika malo, sindikukumbuka nthawi imene ndinaimanga. Ndinaimasula pang'ono: mtedza, dzanja limodzi lodzaza. Pambuyo pa manyazi onse a dzulo lake, dzanja langa linali litabanso mbewu yanga yomwe.

Misozi inayamba kutsika. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndikanavomera. A Augustino anaika khasu pansi, anabwera pafupi, anagwira nsonga ya chitenje ija n'kuimanganso bwinobwino ndi zala zawo zokhakhala. Kenako anandigwira dzanja, dzanja lomwe lija losagwidwa pokwera bwato. Mtima wanga unasungunuka, ndinati zaka zonsezi mwamunayu ndinali ndisanamudziwe.

“Zisiyeni pomwepo, amake Hosea, ngati zikukupatsani mtendere,” anatero mokoma. “A pulofesora akuti zimenezi zimatenga nthawi.”

Misozi inauma nthawi yomweyo. Ndinalanda dzanja langa, ndinamasula mfundo ija ndi mano, ndinatola khasu lawo n'kubowola ndekha mzere wachisanu ndi chinayi. Ndinadzala zonse, mpaka njere yomaliza, n'kukutumula chitenje pamaso pawo kuti aone kuti mulibe kanthu.

“Mukawauze a pulofesora anuwo,” ndinatero, “alembenso zimenezi m'kabuku kawo.”